Mapanga Awiri Avumbwitsa m'Labotale

M'makope a fiziki a ophunzira ambiri a fomu 3 ndi fomu 4 muli mzere umodzi umene umalembedwa mothamanga kuposa mizere ina yonse. Mzerewo ndi uja wofunsa zinthu zimene wophunzira anazisunga kuti zisasinthe pa nthawi imene ankachita kafukufuku wake. Ena amangousiya wopanda kanthu. Ena amalembapo mawu awiri atatu oloweza pamtima, monga akuti kangolo kanali komweko ndipo thabwa linali lomwelo, ngakhale kuti thabwalo linasunthidwa katatu ndipo kangoloko anakabwereka ku gulu lina ntchito ili mkati. Khama lawo lonse amalithera pa girafu yowongoka bwino ndi pa yankho lofanana ndi la m'buku. Khalidwe limeneli ndi loipa, ndipo liyenera kudzudzulidwa popanda kulinyengerera. Kafukufuku aliyense wa mphamvu ndi kayendedwe ka zinthu amaima kapena kugwa chifukwa cha zinthu zosasinthazo. Wophunzira amene sanazisamale sanachite kafukufuku ayi; wangoseweretsa zipangizo za sukulu, kenaka n'kukopera yankho la Newton ngati kuti walipeza yekha.

Nkhaniyi siyenera kukhala yachilendo kwa mwana wa mlimi. Mlimi akafuna kudziwa ngati mbewu yatsopano ya chimanga imabereka kuposa yakale, amadzala mbewu zonse ziwiri m'munda umodzi, tsiku limodzi, nathira fetereza wofanana ndi kupalira mofanana. Koma atadzala yatsopanoyo m'dambo, mvula yoyamba itangogwa, n'kuithira fetereza kawiri, pamene yakaleyo waidzala pamtunda wa miyala patapita masabata atatu, anzake angamuseke akayamba kutama mbewu yatsopanoyo pa nthawi yokolola. Angamufunse kuti chabereketsa chimangacho ndi mbewu, dothi, mvula kapena fetereza, ndipo iye angasowe choyankha. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa. Munthu wosintha zinthu ziwiri nthawi imodzi amatuluka wosadziwa kanthu za chilichonse mwa ziwirizo. Chodabwitsa n'chakuti mwana yemwe angaseke mlimi wotereyu kumudzi, akangolowa m'labotale amachita chimodzimodzi popanda manyazi.

Kafukufuku aliyense wolongosoka ali ndi mbali zitatu. Pali chinthu chimodzi chimene wofufuza amachisintha mwadala. Pali china chimodzi chimene amachiyeza kuti aone mmene chasinthira. Zina zonse zotsala, kaya zikhale zisanu kaya makumi awiri, ayenera kuzimanga kuti zikhale mmene zinalili kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Mbali ziwiri zoyambazo n'zosavuta, chifukwa mphunzitsi amazitchula ndipo buku limazilemba. Yachitatuyo ndiyo imafuna maso ndi nzeru, pakuti palibe buku limene lingadziwe kuti tebulo la m'labotale ina lili ndi mwendo waufupi, kapena kuti gudumu limodzi la kangolo kena lili ndi dzimbiri.

Kafukufuku wodziwika kwambiri pa nkhani ya mphamvu ndi uja wa kangolo ka magudumu koyenda pa thabwa lalitali. Kutsogolo kwa kangoloko amamangako chingwe chimene chimadutsa pa kagudumu ka kumapeto kwa tebulo, ndipo kunsonga kwa chingwecho kumalendewera tizitsulo. Tizitsuloto tikamatsika timakoka kangolo. Kumbuyo kwake amamatako tepi yapepala yodutsa m'kachipangizo kotchedwa ticker timer, kamene kamadinda timadontho pa pepalalo. Timadontho tikamanka titalikirana, ndiye kuti liwiro la kangolo likuwonjezeka. Cholinga chake ndi kuyesa lamulo lachiwiri la Isaac Newton, lochokera m'buku lake la Principia la m'chaka cha 1687, limene masiku ano limalembedwa mwachidule kuti F = ma. Chilembo cha F chikuimira mphamvu yokoka kapena yokankha, a akuimira kuwonjezeka kwa liwiro, ndipo m akuimira mass, ndiko kuti kuchuluka kwa chinthu chimene chikuyendetsedwa, kumene kumayezedwa m'makilogalamu. Lamuloli limati mphamvu ikawirikiza kawiri, kuwonjezeka kwa liwiro nakonso kumawirikiza kawiri. Koma pali mawu ena amene ophunzira amawameza: zimenezi zimachitika pokhapokha ngati mass sinasinthe.

Kuti kulemera kwa mawu omezedwawa kuoneke, n'kofunika kutsatira magulu awiri a ophunzira. Gulu lililonse lili ndi kangolo ka magalamu 600 konyamula tizitsulo titatu ta magalamu 100 kalikonse, ndipo kachitsulo kachinayi kakulendewera pa chingwe. Zonse zoyenda pamodzi zikukwana kilogalamu 1. Powerengera mwachidule monga amachitira m'kalasi, magalamu 100 amakokedwa ndi dziko ndi mphamvu ya nyutoni 1, choncho liwiro la kangolo limawonjezeka ndi mita 1 pa sekondi m'sekondi iliyonse. Gulu loyamba likafuna kuwonjezera mphamvu limachotsa kachitsulo pa kangolo n'kukakoleka pa chingwe. Mphamvu yokoka imakwera kufika pa manyutoni 2, kenaka 3, kenaka 4, koma zonse zoyenda zimakhalabe kilogalamu 1. Zotsatira zake zimakhala 1, 2, 3 ndi 4, ndipo girafu imawongoka yokha.

Gulu lachiwiri limaona kuti kusamutsa tizitsulo n'kutaya nthawi. Limangotenga tina m'bokosi n'kumakoleka pa chingwe. Maganizo awo ndi akuti kangolo sikanasinthe, choncho mass sinasinthenso. Aiwala kuti tizitsulo tolendewerato natonso tikuyenda, ndipo mphamvu yomweyo iyenera kutiyendetsa pamodzi ndi kangolo. Pa manyutoni 2 zonse zoyenda zafika pa magalamu 1,100. Pa manyutoni 3 zafika pa 1,200. Pa manyutoni 4 zafika pa 1,300. Zotsatira zawo zimakhala 1, kenaka 1.82, kenaka 2.5, pomaliza 3.08. Pamene panayenera kutuluka 4 patuluka 3.08, ndipo girafu yawo yapindika ngati uta.

Kulakwitsa kumeneku si mlandu waukulu. Mlandu umayamba pa chimene chimatsatira. Wina pa gulupo amayang'ana m'buku n'kuona kuti mzere uyenera kuwongoka. Amatenga rula n'kujambula mzere wowongoka wodutsa patali ndi timadontho take, kapena amatenga labala n'kufufuta 3.08 kuti alembepo 3.9. Ena amalemba pansi kuti kusiyanako kwabwera chifukwa cha zipangizo zakale. Onsewa apha mboni yokhayo imene inali kunena zoona. Girafu yopindikayo sinali kutsutsa Newton; inali kuuza ophunzirawo kuti chinthu china chimene ankachiyesa chosasintha chinali kusintha m'manja mwawo momwemo. Akanaifunsa chifukwa chimene yapindikira, akanaphunzira fiziki yochuluka m'mphindi khumi kuposa imene angaloweze m'teremu yathunthu.

Mass si yokhayo imene imathawa m'manja mwa munthu wosasamala. Magudumu akamazungulira pa thabwa pamakhala kukhulana kumene kumabweza kangolo m'mbuyo, ndipo tepi yapepala nayo imakhulana ndi kachipangizo kodinda timadontho. Pofuna kuthana ndi zimenezi, wofufuza amakweza pang'ono mbali imodzi ya thabwa mpaka kangolo, kakangokankhidwa pang'ono popanda chingwe, kaziyenda ndi liwiro losasintha, timadontho titatalikirana mofanana. Kupendekeka kumeneko kukapezeka, thabwa siliyenera kukhudzidwanso. Wina akangotsamira tebulo kapena kubwereka buku limene linatsamiritsa thabwalo, zonse zoyezedwa pambuyo pake ndi za kafukufuku wina, ndipo kuziika pa girafu imodzi ndi zoyamba zija n'chimodzimodzi kuthira nyemba ndi mchenga m'thumba limodzi. Gulu limene silinapendeketse thabwa limapeza mzere wosadutsa pa ziro. Malo amene mzerewo wadula mbali ya mphamvu amaonetsa kukula kwa kukhulanako. Wophunzira wokakamiza mzere kuti udutse pa ziro chifukwa chakuti m'buku umadutsa pamenepo wataya nambala imene kafukufuku anam'patsa ulere.

Ngakhale nthawi imene ophunzira amawerenga pa tepi yapepala imadalira chinthu chosasintha chimene ambiri sachiganizira n'komwe. Kachipangizo kaja kamadinda timadontho 50 pa sekondi, motero pakati pa kadontho ndi kanzake pamadutsa masekondi 0.02, ndipo mipata khumi imapanga masekondi 0.2. Nambala ya 50 imeneyi siichokera m'kachipangizoko. Imachokera ku magetsi a m'nthambo, amene m'Malawi, monganso m'maiko ambiri a mu Africa ndi ku Ulaya, amasintha mbali n'kubwerera maulendo 50 pa sekondi. Ku United States magetsi amachita zimenezi maulendo 60, ndipo kachipangizo kotere kumeneko kamadinda timadontho 60. Sukulu imene ikugwiritsa ntchito jenereta yothamanga mopitirira kapena mocheperapo ili ndi wotchi yonama m'labotale mwake. Wophunzira wodziwa kumene 0.02 yachokera angathe kuikayikira ndi kuiyesa. Woiloweza chabe adzaikhulupirira ngakhale pa tsiku limene ikunama.

Mbiri ya sayansi imachitira umboni kuti kusasamala zosasintha kungathe kusocheretsa anthu anzeru kwa nthawi yaitali. Aristotle, katswiri wa ku Greece amene anamwalira m'chaka cha 322 Yesu asanabadwe, anaphunzitsa kuti chinthu cholemera chimagwa msanga kuposa chopepuka, ndipo chiphunzitsochi chinalamulira masukulu kwa zaka pafupifupi 2,000. Maso amaoneka ngati akuvomereza, pakuti mwala umafika pansi tsamba lisanafike. Koma mwala ndi tsamba sizisiyana kulemera kokha. Zimasiyananso maonekedwe ndi kukula kwa mbali imene imakumana ndi mpweya. Woziyerekeza wasintha zinthu zingapo nthawi imodzi, kenaka n'kuloza chala chimodzi mwa izo. M'chaka cha 1586 Simon Stevin wa ku Netherlands analemba za mipira iwiri yamtovu, wina wolemera kakhumi kuposa unzake, imene inagwetsedwa kuchokera pamwamba pa mamita pafupifupi 9 mumzinda wa Delft. Yonse inali yamtovu, yonse yobulungira, yonse yochokera pamalo amodzi. Inafika pansi pamodzi.

Galileo Galilei wa ku Italy anapitirira pamenepo. M'buku lake lomaliza, limene linasindikizidwa ku Leiden m'chaka cha 1638, anafotokoza mmene ankagubuduzira mpira wamkuwa m'ngalande yosemedwa pa thabwa lopendekeka. Ngalandeyo anaiwongola ndi kuisalaza, naiyala chikopa chosalala kuti kukhulana kuchepe ndiponso kukhale kofanana paliponse. Analibe wotchi yowerenga masekondi. Nthawi ankaiyeza ndi madzi otuluka pa kampopi kakang'ono pansi pa chotengera chachikulu, ndipo madzi otulukawo ankawayeza pa sikelo. Mpira unali womwewo, ngalande yomweyo, kupendekeka komweko. Chosintha chinali mtunda wokha. Anabwereza ntchitoyi kambirimbiri, napeza kuti nthawi ikawirikiza kawiri mtunda umawirikiza kanayi, ikawirikiza katatu mtunda umawirikiza kasanu n'kanayi. Chimene chinam'patsa lamulo limeneli ndi kudekha kwake posunga zinthu kuti zisasinthe, pakuti zipangizo zake zinali thabwa, mpira ndi madzi. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Patapita zaka zoposa 300, m'mwezi wa August m'chaka cha 1971, David Scott wa ulendo wa Apollo 15 anaima pa mwezi atagwira hamala m'dzanja limodzi ndi nthenga m'dzanja linalo. Anazitaya nthawi imodzi, ndipo zinafika pansi pamodzi. Pa mwezi palibe mpweya, motero chinthu chimene chinkasokoneza kafukufukuyu pa dziko lapansi chinali chitachoka. Koma wophunzira safunika kupita ku mwezi kuti aone zimenezi. Mapepala awiri ochokera m'kope limodzi amalemera mofanana. Limodzi likafinyidwa n'kukhala kampira, linalo n'kusiyidwa lotambasuka, lofinyidwalo limafika pansi msanga. Kulemera kwasungidwa, maonekedwe okha ndiwo asintha, ndipo wolakwa wagwidwa: ndi mpweya.

Pali mtundu wachiwiri wa zosasintha, umene wofufuza amachita kuupeza pamapeto pa ntchito yake. Gulu loyamba lija likagawa mphamvu ndi kuwonjezeka kwa liwiro pa ulendo uliwonse, limapeza nambala imodzimodzi, ndipo nambalayo ndiyo mass ya zonse zoyenda. Chimodzimodzinso ndi sipuling'i. Robert Hooke anafalitsa m'chaka cha 1678 kuti sipuling'i imatalika molingana ndi mphamvu yoikoka. Ngati nyutoni 1 yaitalikitsa ndi masentimita 2, manyutoni 2 adzaitalikitsa ndi masentimita 4. Kugawa mphamvu ndi kutalikako kumapereka nambala imodzi yofotokoza kulimba kwa sipuling'iyo. Nambala zoterezi ndizo zokolola zenizeni za kafukufuku, koma sizimera m'munda umene sunasamalidwe. Gulu losinthanitsa masipuling'i pakati pa ntchito lidzapeza nambala yosakhala ya sipuling'i iliyonse. Komanso kusasintha kumeneku kuli ndi malire. Sipuling'i ikakokedwa mopyola muyezo siibwereranso mwakale, ndipo lamulo la Hooke limathera pomwepo. Wophunzira woloweza lamulo popanda malire ake wanyamula theka la choonadi.

Mtundu wachitatu ndi wa zosasintha zimene chilengedwe chimapereka, ndipo chodziwika kwambiri ndi g, kuwonjezeka kwa liwiro la chinthu chogwa chifukwa cha kukoka kwa dziko. Mabuku amalemba 9.8, ndipo m'kalasi kawirikawiri amangoti 10. Ophunzira ambiri amaitenga nambalayi ngati yoikidwa kumwamba, yosagwedezeka kulikonse. Koma m'chaka cha 1672 Jean Richer, katswiri wa zakuthambo wa ku France, anapita ku Cayenne ku South America, kufupi ndi mzere wa ikweta, atanyamula wotchi ya pendulamu imene inkayenda bwino ku Paris. Atafika kumeneko wotchiyo inayamba kutsalira ndi mphindi pafupifupi ziwiri ndi theka tsiku lililonse. Richer sanaitaye, ndipo sanafufute zimene anaona. Anazilemba, ndipo Newton anazigwiritsa ntchito pofotokoza kuti dziko ndi lotupa pa ikweta ndi lophwanthirako kumapeto kwake. Lero n'zodziwika kuti g ndi pafupifupi 9.78 pa ikweta ndi 9.83 kumapeto kwa dziko. Ku London ndi pafupifupi 9.81, pamene m'Malawi, dziko loyandikira ikweta, ndi pafupifupi 9.78. Pa mwezi ndi pafupifupi 1.6 basi. M'labotale imodzi g siisintha kuyambira mmawa mpaka madzulo, ndipo n'chifukwa chake wofufuza amaidalira. Koma ayenera kudziwa kuti akuidalira chifukwa sanasamuke.

Otsutsa sasowa. Oyamba amati nkhani yonseyi ndi ya masukulu olemera. M'masukulu ambiri, makamaka akumudzi, mulibe tingolo, mulibe magetsi, ndipo kalasi ya ophunzira ochuluka imalimbirana chipangizo chimodzi. Dandaulo limeneli ndi loona, ndipo oyang'anira maphunziro ayenera kulimva. Koma silikhudza mfundo imene ili pano. Kusunga zosasintha sikugulidwa ku sitolo. Chingwe cha mita 1 chomangidwa pa mtanda wa denga, chokhala ndi mwala kunsonga, chimapita n'kubwerera m'masekondi pafupifupi 2. Wophunzira angasinthe mwalawo n'kuikapo wolemera kawiri, utali wa chingwe ukhale womwewo, ndipo adzapeza kuti nthawi siisintha. Angasunge mwala womwewo n'kufupikitsa chingwe kufika pa masentimita 25, ndipo adzapeza kuti nthawi yatsika ndi theka. Chofunika ndi kuyeza utali kuchokera pomangira mpaka pakati pa mwala ulendo uliwonse, kuukokera pambali pang'ono ndiponso mofanana, ndi kuwerenga maulendo 20 m'malo mwa umodzi. Galileo analibe magetsi. Ndipo kumene zipangizo zili zochepa ndi zakale, ndi kumene kusamala kumafunika koposa.

Achiwiri amati yankho ndi lodziwika kale; Newton analipeza zaka zoposa 300 zapitazo, nanga wophunzira wa fomu 3 angawonjezepo chiyani? Amenewa sanamvetse chifukwa chimene labotale inamangidwira. Palibe amene amayembekeza kuti wophunzira atulukire lamulo latsopano ndi kangolo ka sukulu. Amapatsidwa funso lokhala ndi yankho lodziwika kuti aphunzire njira, monga mmene wophunzira ukalipentala amayambira pa mpando umene anthu akhala akupanga kuyambira kale. Tsiku likubwera limene adzakumana ndi funso lopanda buku loyankha: chifukwa chimene pampu ya pa mjigo ikuthyokera msanga, chifukwa chimene njerwa za uvuni wina zikusweka, kapena ngati mankhwala ena akuchizadi. Pa tsiku limenelo sipadzakhala yankho lokopera. Padzatsala chizolowezi chokha, kaya chosamala kaya chofufuta ndi labala. Khasu lobwereka silichedwa kuthyoka.

Achitatu ndi ochenjera pang'ono. Iwo amati palibe chinthu chimene chingasungidwe chosasintha kotheratu. Thabwa limafutukuka ndi kutentha, chingwe chimatamuka, dzanja limanjenjemera, choncho kulimbikira n'kudzivutitsa chabe. Chiyambi cha mawu awowa n'choona, koma mathero ake ndi aulesi. Kuyambira m'chaka cha 1889 dziko lonse linkadalira kachitsulo kamodzi kosungidwa ku Sèvres, pafupi ndi Paris, ngati muyezo wa kilogalamu. Patapita zaka pafupifupi 100 akatswiri anapeza kuti kachitsuloko kanali katasiyana ndi tinzake tokopera ndi mamaikulogalamu pafupifupi 50, kulemera kochepa kwambiri koti munthu sangakumve m'dzanja. Sananene kuti poti palibe changwiro, aliyense aziyeza mmene afunira. Anagwira ntchito zaka zambiri, ndipo kuyambira pa 20 May 2019 kilogalamu inakhazikitsidwa pa nambala ya chilengedwe yotchedwa ndi dzina la Max Planck. Udindo wa wophunzira ndi wofanana ndi umenewu pa msinkhu wake: kusunga zimene angathe, kuyeza kukula kwa zimene sangathe kuzisunga, ndi kulemba zonsezo poyera. Kusiyana kwa magalamu 2 pa kilogalamu sikungapinditse girafu ya m'kalasi. Kusiyana kwa magalamu 300 kumaipinditsa. Nzeru yagona pa kudziwa chimene chili chachikulu.

Omaliza amati nthawi ya mayeso ndi yochepa ndipo chofunika ndi malikisi. Koma ngakhale pa msika wa malikisi womwewo, woloweza ndiye amaluza. Funso likangotembenuzidwa pang'ono, n'kufunsa chifukwa chimene tizitsulo tiyenera kuchokera pa kangolo m'malo mochokera m'bokosi, kapena chifukwa chimene mzere sunadutse pa ziro, woloweza amangoluma cholembera. Apa aphunzitsi nawonso ali ndi gawo lawo. Mphunzitsi wopereka malikisi onse kwa girafu yowongoka, n'kudula malikisi a wophunzira amene wabwera ndi girafu yopindika koma wafotokoza bwino chimene chaipinditsa, akuphunzitsa kalasi yonse kuti bodza laukhondo limalipira kuposa choonadi chamatope. Ana sachedwa kuphunzira phunziro lotero, ndipo saliiwala akatuluka pa geti la sukulu.

Kunja kwa geti limenelo, zosasintha zimakhudza thumba ndi moyo. Sikelo yopachika imene anthu amayezera chimanga, nyemba kapena nyama pamsika ndi sipuling'i ya Hooke yovekedwa chitsulo. Manambala olembedwa pa sikeloyo ndi oona pokhapokha ngati kulimba kwa sipuling'i kudakali kumene kunalipo tsiku limene inapangidwa. Ikatamuka chifukwa chonyamulitsidwa katundu wopyola muyezo, imawerenga makilogalamu amene palibe, ndipo wina amapita kwawo ataberedwa popanda wakuba woloza chala. Pamsewu nkhani ndi yomweyo. Woyendetsa njinga amene wazolowera kuima pa mtunda wakutiwakuti akagwira mabuleki, amaiwala kuti mtundawo anauzolowera ali yekha. Akanyamula munthu ndi thumba la chimanga, mass ya zonse n'kuwirikiza kawiri, mabuleki opereka mphamvu yomweyo adzafuna mtunda wowirikiza kawiri. Liwiro likawirikiza kawiri, mtunda woimira umawirikiza kanayi. Dalaivala wa minibasi yodzaza mopyola muyezo amene akuthamanga potsetsereka, mvula itagwa, wasintha mass, kupendekeka kwa njira ndi kukhulana kwa matayala nthawi imodzi, koma akuyembekeza zotsatira za dzulo. Akuchita cholakwa cha gulu lachiwiri lija, koma pamsewu palibe labala.

Tsono mzere uja wa m'kope suyenera kulembedwa pomaliza, belu litalira. Uyenera kulembedwa poyambirira, kangolo kasanayende, ndipo uzitchula zinthu ndi manambala ake: mass ya zonse zoyenda, kukwera kwa mbali ya thabwa m'masentimita, malo oyambira olembedwa ndi choko, ndi dzina la amene akumasula kangolo ulendo uliwonse. Pa gulu pazikhala mmodzi amene ntchito yake ndi kulondera zimenezi, wokhala ndi ufulu woimitsa anzake thabwa likasuntha. Nambala yooneka yachilendo izibwerezedwa kuyeza, ndipo ikabweranso izilembedwa ndi inki. Wophunzira wochita zimenezi nthawi zina adzapeza 9.5 pamene buku likuti 9.8, ndipo adzatha kufotokoza kumene 0.3 yapita. Ameneyo ndiye wachita fiziki. Mnzake wopeza 9.8 ndendende ulendo uliwonse, ndi chingwe chotamuka ndi wotchi ya pamkono, ayenera kuitanidwa kuti abwereze kalasi yonse ikuona.